Kachipewa ka pa ŵ: Gawo Lachinayi

Galimoto inaima pa geti dzuwa litapendeka, nthawi imene mchenga wa ku Senga Bay umakhala ukuotchabe mapazi. Munatuluka bambo wamtali wovala magalasi, mayi wa chitenje chobiriwira, ana atatu amene anathamangira kumadzi asanauzidwe n'komwe, ndipo pomalizira, atagwiridwa dzanja, gogo wamkazi wa ndodo. Linali tsiku la 14 October. M'mawa mwake linali Tsiku la Anakubala, pamene anthu a ku Lilongwe amakhamukira kunyanja, ndipo zipinda zathu zisanu ndi chimodzi zinali zitatengedwa kale sabata yapitayo.

Amalume anawachingamira akupukuta manja pa thalauza, chifukwa anali akuchokera ku injini ya boti.

"Takulandirani, bambo. Mwayenda bwanji?"

"Tayenda bwino, kaya inu kuno? Tinasungitsa zipinda ziwiri. Amayi angawa sanaionepo nyanja chibadwire, ndiye tati chaka chino aione."

Amalume anatsegula buku la alendo, lija lachikuto cholimba, n'kuyendetsa chala kuchokera pamwamba mpaka pansi. Anabwereza kachiwiri. Kenako anavula chipewa.

"Pepani bambo, dzina lanu mulibe muno. Munalankhula ndi ndani?"

"Sitinalankhule ndi munthu. Tinalemba pa webusaiti yanu, yankho linabwera pa WhatsApp, ndipo tinalipira theka. K180,000."

Onse amene anali pakhonde, amalume, anti, asuweni anga ndi mtsikana wolandira alendo, anatembenukira kwa ine. Pamalo pano mawu akuti webusaiti akatchulidwa, nkhani imakhala yanga.

Malowa anabadwa kuchokera m'boti. Amalume anayamba ngati mlovi pa doko la Nguwo, akukoka chilimira cha eni ake usiku wonse. Atagula boti lawo, anayamba kunyamula alendo kupita nawo ku chilumba cha Namalenje kukaona mbuna m'miyala ndi nkhwazi zikutola nsomba pamadzi. Ndalama za maulendo amenewo ndi zimene zinaumba njerwa za chipinda choyamba. Ine amandisunga kuyambira pamene mayi anga anamwalira ndili Sitandade 6, ndipo fizi ya ku koleji inatuluka m'boti lomwelo. Nditabwerako ndi pepala langa la zamakompyuta, sindinafune kuti azilipirabe munthu wina mwezi ndi mwezi pa ntchito imene manja anga angathe.

Webusaiti yakale anapanga bambo wina wa ku Lilongwe. Pa kompyuta ya mu ofesi yake inkaoneka yokongola ndithu: kanema wa mafunde ankayamba yekha, zithunzi zikusinthanasinthana. Koma tsamba loyamba lokha linkalemera 9 MB. Kuno kwathu netiweki imabwera ndi kupita ngati mphepo, ndipo munthu amagula bandulo ya tsiku limodzi akuwerengera. Mlendo wathu weniweni si mzungu wa laputopu. Ndi mphunzitsi wa ku Dowa, gulu la amayi a mpingo la ku Kasungu, mnyamata wofuna kutengera bwenzi lake kunyanja, ndipo ambiri a iwo foni zawo ndi za itel kapena Tecno. Ena amatsegula ndi Opera Mini, browser ija inatuluka mu 2005, imene imadutsitsa tsamba ku makompyuta a kampani yake kuti alipanikize lisanafike pa foni. Imapulumutsa bandulo, koma ikakhala pa kupanikiza kwambiri JavaScript siyenda mokwanira. Pa tsamba lakale lija, munthu wotero akadina batani la mitengo ya zipinda, palibe chimene chinkachitika.

Pamene ndinkawafotokozera amalume chifukwa chogwetsera zonse n'kuyambiranso, ndinawatengera pa boti lawo. HTML ndi matabwa, thupi lenileni la boti. CSS ndi penti ndi dzina lolembedwa m'mbali. JavaScript ndi injini. Injini ndi yabwino, koma ikazima pakati pa nyanja, boti lomangidwa bwino limafikabe kumtunda ndi nkhafi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Ndiye panga la nkhafi, mphwanga."

Ndinalipanga ndi manja, mzere ndi mzere, mu VS Code. Zithunzi ndinazichepetsa n'kuzisunga ngati WebP. Mitengo, nambala ya foni ndi njira yochokera pa Kamuzu Road ku Salima kufika kuno ndinaziika m'malemba wamba, oti browser iliyonse iwerenge. Usiku ndinkadina F12, n'kuuza Chrome kuti ayerekeze netiweki yochedwa, kenako n'kuwerenga masekondi. Ndinkaliyesa mu Firefox, pa foni yong'aluka galasi ya alonda, ndiponso pa Opera Mini ya mayi wina wogula usipa amene ankandibwereka akudikira maboti. Ndinalipititsa pa choyezera cha W3C, bungwe lija Tim Berners-Lee anayambitsa mu 1994 kuti opanga masamba ndi opanga ma browser azimvana pa malamulo amodzi, mpaka sichinapezenso cholakwa. Tsamba linatsika kufika pa 380 KB. Kunena zoona, palibe ntchito imene ndinainyadirapo ngati imeneyo.

Koma chimene chinagula mtima wa amalume chinali chilembo chimodzi. Iwo anaphunzira kuwerenga m'nthawi ya Kamuzu, ndipo kwa iwo dzina la dziko lino ndi Malaŵi, w wake atavala kachipewa. Ndi mmene analembetsera pa chikwangwani cha pa geti, pakuti mawu amenewo ali m'dzina la malo athu. Pa tsamba lakale, pamalo pa chilembocho pankatuluka zinyalala, dzina n'kumaoneka chonchi: MalaÅµi. Bambo wa ku Lilongwe uja anawauza kuti kompyuta sidziwa Chichewa. Si zoona. Chilembo ŵ chili mu Unicode, nambala yake ndi U+0175, ndipo anthu a ku Wales amachilemba m'chinenero chawo tsiku ndi tsiku. Vuto linali lakuti tsamba silinauze browser kawerengedwe ka zilembo zake, ndiye browser inkatenga chilembo chimodzicho n'kuchiwerenga ngati ziwiri. Mzere umodzi wonena kuti utf-8 unathetsa nkhani yonse. Ndinawonjezera lang="ny" pamwamba, kuti makina aliwonse adziwe kuti akuwerenga Chichewa. Tsiku limenelo amalume anayenda ndi foni doko lonse akuonetsa anzawo kachipewa kaja.

Mu adiresi ya webusaiti mokha ndi mmene ndinawakaniza. Ndinawauza kuti mlendo sangapeze ŵ pa kiyibodi ya foni yake, ndiye adiresi ikhale ya w wamba. Anavomera monyinyirika, pa chakudya chamadzulo, aliyense wa pakhomo pano akumva.

Ndiye madzulo a 14 October amenewo, ndi maso onse ali pa ine, ndinati, "Bambo, webusaiti yathu silandira ndalama. Imangopereka nambala ya amalume kuti muimbe. Ndione nawo pamene munalemba."

Anandipatsa foni. Linki anaipeza pa gulu lina la Facebook la anthu okonda kuyenda. Nditaidina, tsamba langa linatseguka msanga, monga ndinalipangira. Mitundu yanga, mawu anga, chithunzi cha boti la amalume. Pansi pokha panali kabokosi kamene sindinakadziwe: kolembamo dzina ndi masiku, ndi nambala yolandirira ndalama za pafoni.

"Ine ndine mphunzitsi, sindichita zinthu mwachimbulimbuli," anatero bamboyo. Mawu awo sanali aukali, anali otopa. "Ndinayang'ana pa kompyuta ya kuntchito, panali kaloko pamwamba. Amati tsamba likakhala ndi loko ndi lotetezeka."

"Uthenga wa ndalama uli pati? Umaonetsa dzina la wolandira."

"Analipira ndi akazi angawa."

Mayi aja anasendera pafupi. "Ndinalipira kwa ejenti wa pamsika kwathu ku Area 25, achemwali. Ndinamupatsa ndalama m'manja ndi nambala, iye n'kutumiza pa foni yake. Anandiwerengera dzina asanatumize. Linali la munthu wamkazi. Ndinaganiza kuti ndi akazi a eni malo."

Anti anaguguda pachifuwa. "Ine ayi, mayi. Foni yanga ndi iyi, yang'anani."

"Dzinalo ndaliiwala, koma nditalimva ndingalikumbuke. Ejenti uja ndimamudziwa, amalemba zonse m'buku. Ndimuimbira aliyang'ane."

Gogo uja nthawi yonseyi anali chiimire, atatsamira ndodo, akuyang'ana madzi. Sanamve n'komwe za ndalamazo. Anangofunsa mdzukulu wake ngati tsidya linalo kuli anthu. Amalume atamva funso limenelo anavalanso chipewa chawo.

"Amayi awa sabwerera usiku uno. Mugona m'nyumba mwanga, ife tigona m'sitolo. Mawa ndikawaonetsa chilumba ndi boti langa, simulipira kanthu. Tikabwerako, bambo, inu ndi ine tipita ku polisi ku Salima." Anatembenukira kwa ine. "Mphwanga, pofika m'mawa undipezere chonena. Dzina langa ndalimanga zaka 30."

Chakudya chitatha ndinadzitsekera mu ofesi. Magetsi anali atathima kuyambira masana, koma batire ya sola inali ndi moto wokwanira laputopu ndi babu limodzi. Pawindo nyali za asodzi a usipa zinali zitandandalika kutali, mzere wautali wothwanima, ngati tauni yomangidwa pamadzi. Kunali kotentha, mpweya uli zii.

Ndinayamba ndi adiresi. Pa foni ya bambo uja ndinaiwerenga katatu osaona cholakwika. Pa laputopu, nditakulitsa zilembo, ndinakaona. Kachipewa. Adiresi inali yathu yomwe, chilembo ndi chilembo, kupatula kuti w wake anali ŵ. Pa galasi la foni, padzuwa, kachipewako kamangooneka ngati kafumbi. Nditaikopera n'kuimata pena, inasanduka mawu oyamba ndi xn-- otsatiridwa ndi zilembo zosamveka. Ndi mmene zimayendera kuyambira 2003, pamene anakhazikitsa njira yolola maadiresi kukhala ndi zilembo za zinenero zina: munthu amaona chilembo cha kwawo, makina amaona xn--. Njira imeneyi anaikonza kuti Mgiriki, Mwarabu kapena Mchewa alembe dzina lake momwe liliri. Wina anaitenga n'kuisandutsa mbedza.

Za loko zinandiwawa chifukwa mphunzitsi uja anachita zimene anauzidwa. Loko amangonena kuti zimene mukulemba zikuyenda mobisika pakati pa foni yanu ndi tsambalo, palibe wa panjira angaziwerenge. Sanena kuti mwini tsambalo ndi ndani. Kuyambira 2015, bungwe la Let's Encrypt limapereka masatifiketi amenewa kwaulere kwa aliyense amene ali ndi adiresi yake, ndipo ndi chinthu chabwino, chifukwa ifenso tinapeza yathu motero popanda kutulutsa khobidi. Wakuba naye amaipeza. N'chifukwa chake mu 2023 Chrome inachotsa kaloko kaja n'kuikapo chizindikiro china, itaona kuti anthu ambiri amakatenga ngati umboni wa kukhulupirika. Koma ma browser ena amakaonetsabe, ndipo m'mitu ya anthu kanakhazikika kale.

Satifiketi iliyonse yotere imalembedwa m'kaundula wapoyera amene aliyense angafufuze. Ndinafufuza. Ya tsamba labodzali inaperekedwa pa 22 September. Masabata atatu. Ndinawerenga ndi zala masiku otsala kufika Khirisimasi, pamene zipinda za m'mbali mwa nyanja zimasowa, ndipo ndinaona magalimoto ena akuima pa geti lathu, ena ndi ana, ena ndi agogo awo. Dzina la wogula adiresi linali lobisidwa, monga zimakhalira masiku ano.

Mpaka pamenepo mtima unali m'malo. Ndinkaganiza za munthu wakutali, wa ku Lilongwe kapena kunja, amene sanapondepo mchenga wa kuno. Kukopera tsamba si ufiti. Webu inamangidwa yosatseka, ndipo mu April 1993 bungwe la CERN, kumene inabadwira, linaipereka kwa anthu onse kwaulere. Aliyense akadina Ctrl ndi U amaona matabwa onse a tsamba limene akuwerenga. Ineyo ndinaphunzira motero, ndikusuzumira m'masamba a anthu osawadziwa usiku ku koleji, ndipo sindingafune kuti khomo limenelo lidzatsekedwe. Ndiye ndinadina Ctrl ndi U, kuti ndione kumene kabokosi kaja kamatumiza mayina a anthu.

Code inali yanga. Ndinaizindikira monga mayi amazindikirira dengu lake pachigayo: mipata iwiri m'malo mwa inayi, mayina a zigawo m'Chichewa, zipinda, maboti, njira. Ndinatsika pang'onopang'ono. Pa mzere wa 112 chala changa chinaima.

Ndili ndi chizolowezi chodzilembera tizikumbutso m'kati mwa code, pakati pa zizindikiro zimene browser imadumpha osaonetsa pa tsamba. Apa panali kamodzi:

<!-- mtengo wa boti la ku Namalenje wa December, ndifunse amalume mawa -->

Mawu amenewo ndinawalemba Lachinayi lapitalo, pa 10 October, usiku. Ndinali ndikukonza tsamba latsopano la nyengo ya Khirisimasi. Amalume anali atagona, ndiye ndinasiya pa mtengo popanda nambala, n'kutseka laputopu. M'mawa mwake alendo anayamba kufika, ndipo sindinabwererekonso. Fayilo imeneyo sindinaikweze pa seva. Sindinaitumize kwa munthu. Sindinaiike pa fulashi.

Ndinatsegula webusaiti yathu yeniyeni pambali, ndikupemphera kuti mwina ndinakweza n'kuiwala. Mzere wa 112 unali wina. Ndinabwerera ku tsamba labodza, n'kutsika mpaka pansi. Panali chithunzi cha nkhwazi ili pa mwala, mapiko atatambasulidwa. Ndinachijambula ndekha pa 9 October. Pa dziko lonse lapansi chinali m'malo awiri: m'foni yanga ndi mu foda ya pa laputopu imene inali pamaso panga. Pansi pake wina anali atalembapo mtengo wa December umene amalume sananenepo, ndi mawu akuti lipirani msanga malo asanathe.

Thukuta linazizira pamsana. Munthu ameneyu sanakopere pa intaneti. Anakhala pa mpando umene ndinakhalapowo.

Ndinatuluka panja kuti ndipume. Alonda anali pansi pa mtengo wa mango, atafunda kansalu ngakhale kunali kutentha, wailesi ikulankhula chapansipansi. Ndi munthu wachikulire, anali siginala wa maboti a usipa maso asanayambe kuwavuta, ndipo amadziwa nthawi pomva injini.

"Simunagone, mwana wanga?"

"Ayi, agogo. Ndifunse nawo. Usiku mumaona nyali mu ofesimu?"

"Nthawi zina. Ndimati ndinu, pajatu inu ndi kompyuta simusiyana."

"Komaliza munaiona liti?"

Anaganiza akusisita ndevu. "Lachisanu usiku. Kunja kusanache, maboti oyamba akubwerera, kumzikiti asanaitane. Inayaka pang'ono, osati babu, koma kuwala kwa buluu kuja. Kenako inazima."

"Munaona wotuluka?"

"Geti silinatseguke, mwana wanga. Galu sanauwe." Anandiyang'ana, n'kuzimitsa wailesi. "Galu uyu sauwa anthu a pakhomo."

Lachisanu limenelo ine ndinagona ku Salima, kwa mnzanga amene mwana wake anali m'chipatala. Aliyense pakhomo pano ankadziwa.

Ndinabwerera mu ofesi miyendo ikulemera. Laputopu imagona momwemo, m'chikwama chake, chifukwa ndi mokhamo muli soketi ya sola. Makiyi a ofesi ndi atatu: a amalume, a mtsikana wolandira alendo, ndi ena amene amapachikidwa pa msomali kukhitchini. Pasiwedi ndinauza anthu awiri. Mtsikana uja ndinamuuza kuti azisindikiza malisiti ine ndikachoka. Ndi wamasiye ngati ine, amalipirira azing'ono ake awiri sukulu, ndipo sindinamuonepo akutola ngakhale K50 yogwa pansi. Wina ndi asuweni anga, mwana woyamba wa amalume. Anabwerako ku Joni mu June ndi chikwama chimodzi, atakhalako zaka zinayi, ndipo sanafotokozepo chimene chinawabweza. Ndinkawabwereka laputopu kuti aonere mpira. Tinakulira mbale imodzi. Tsiku limene mayi anga anaikidwa m'manda, ndi iwo anandibereka kuchokera kumanda mpaka kunyumba. Amati sadziwa kanthu za makompyuta, koma tsiku lina ndinawapeza akuyang'ana code yanga, ndipo anandifunsa kuti adiresi ya webusaiti imagulidwa kuti.

Panalinso bambo wa ku Lilongwe uja. Anabwera pakati pa September, akuti akudutsa popita ku Nkhotakota. Anamwa tiyi ndi amalume, anayamikira ntchito yanga, ndipo anakhala nthawi yaitali kumchenga akucheza ndi asuweni. Iye amadziwa bwino kwambiri nkhani ya ŵ, chifukwa ndi chilembo chimene chinamuchotsera ndalama ya mwezi ndi mwezi. Koma galu akanamuuwa.

Sindinafune kupitiriza kuganiza. Panali njira imodzi yachidule. Ukafuna kutumiza ndalama pa foni, usanalembe nambala yachinsinsi, dzina la mwini nambala limaoneka kuti utsimikize. Ndipo kuyambira 2018 nambala iliyonse m'dziko muno imayenera kulembetsedwa ndi chiphaso. Ndikanatha kuchita zimenezi madzulo omwe aja pakhonde, anthu onse akuona. Sindinachite, ndipo tsopano ndikudziwa kuti mawu aja akuti munthu wamkazi anandiopsa. Ndinkaopa kuona dzina la mtsikana uja pamaso pa amalume.

Ndinatenga foni. Ndinalemba nambala ija mosamala, ndikuiwerenga pa sikirini ya laputopu. Ndalama ndinalemba K100. Netiweki inazungulira, inazungulira, n'kudula. Ndinayambiranso. Kunyanja injini imodzi inali itayamba kumveka, boti loyamba likubwerera.

Ulendo wachitatu uthenga unabwera.

Ndinauwerenga kamodzi, n'kuika foni patebulo chafufumimba. Ndinaitolanso. Dzina loyamba, dzina lachiwiri limene ndinapatsidwa pa ubatizo ndipo palibe amandiitana nalo, ndi dzina la bambo anga. Onse atatu, monga alembedwera pa chiphaso changa cha unzika.

Nambala imeneyo sindinaionepo chibadwire.

Ndinagwada pansi n'kukoka chikwama cha laputopu. Chiphaso changa chimakhala m'kathumba kam'kati, ka zipi, pamodzi ndi chithunzi cha mayi anga. Sindinachitulutse kuyambira mu August. Zipi inali yotseka bwinobwino. Ndinapisamo dzanja. Chithunzi chinalimo. Ndinakhuthula chikwama chonse pansi, chaja, mapepala, zolembera, n'kupapasa ngodya iliyonse. Chiphaso munalibe.

Ndinakhala pa simenti pomwepo, ndikuona mmene zidzamvekere ku polisi. Tsamba labodza lili ndi code yanga, ngakhale imene sinatulukepo m'laputopu yanga. Chithunzi ndi cha m'foni yanga. Munthu yekhayo pa doko lino wodziwa kuti ŵ angalowe mu adiresi ndi ine. Ndalama zikulowa m'dzina langa. Pali lamulo la 2016 lokhudza milandu ya pa intaneti, tinaliphunzira ku koleji, ndipo ndinalemba mayeso ake. Koma polisi sinali patsogolo m'maganizo anga. Ndinkaona amalume atavula chipewa, akuyendetsa chala m'buku.

Kumzikiti anayamba kuitana. Kum'mawa, kuseri kwa Namalenje, kunayamba kufiira. Ndinamva chitseko cha sitolo chikulira, kenako kutsokomola kwa amalume akupita kukaona boti. Ndinaimirira kuti ndiwathamangire, ndiwauze ndekha wina asanawauze.

Ndisanafike pa chitseko, panamveka kugogoda.

"Odi muno."

Anali mayi a chitenje chobiriwira aja. Maso awo ankaonetsa kuti nawonso sanagone. M'dzanja anali ndi foni, yoyaka, ndipo pa galasi pake ndinaona chithunzi cha tsamba la buku lolembedwa pamanja, mizeremizere ya manambala. Kumbuyo kwawo, pa ngodya ya khitchini, asuweni anali ataima ndi ndowa yopanda madzi, osasuntha.

"Mwadzuka bwanji, achemwali? Ejenti uja wanditumizira usiku womwe uno." Anayang'ana zinthu zomwazika pansi, chikwama chotseguka, kenako nkhope yanga. "Dzulo lonse amalume anu amangoti mphwanga, mphwanga. Kodi inuyo dzina lanu ndani?"